Mbuna Zitatu za Enos Nyirongo

Kwathu kumwera kwa Mzimba, chakumalire ndi Kasungu, mukafunsa za Enos Nyirongo anthu achikulire amayamba ayang'ana kaye pansi. Sikuti anali mfiti kapena mbala. Anali munthu wosajomba kutchalitchi, wosalawa mowa, wosakwezera mawu mkazi wake. Koma chaka china, nkhondo ya Ajeremani itatha, m'mwezi wozizira wa Juni, munthu ameneyu anasiya mbuna zitatu m'thengo kwa masiku khumi ndi limodzi popanda chizindikiro chilichonse, ndipo aliyense wodutsa pamenepo akanatha kugweramo. Ine ndine wa kwa Zimba, nkhaniyi imatikhudza, ndiye musayembekeze kuti ndimudzoza mafuta.

Ntchito yokumba mbuna anaipeza m'banja. Bambo ake ankakumba, agogo akenso ankakumba, ndipo Angoni atafika kuno ndi zishango zawo sanawavute kwenikweni a Nyirongo, poti nyama nawonso ankaifuna. Mbuna si dzenje wamba. Umaikumba panjira ya nyama, yotakasuka kukamwa, yopanikiza pansi, kuti chogweramo chisathe kutembenuka. Pansipo umazika zisonga za mtengo wolimba wa muwanga zowaula nsonga pamoto. Dothi lonse umalisenza m'dengu kukataya kutali, chifukwa nyama imamva fungo la dothi latsopano. Pamwamba umayala timitengo, masamba, kadothi kouma, kenako ndowe zakale za nyama yomwe ukuifunayo. Ya Enos ikatha, ngakhale iye mwini ankaizindikira pongokumbukira mtengo wapafupi.

Ndiye chifukwa chake kwathu kunali lamulo, losalembedwa koma lolimba kuposa olembedwa. Wokumba aliyense ankamanga mfundo ya udzu mbali zonse ziwiri za njira, mapazi khumi usanafike pa mbuna. Nyama sidziwa mfundo, munthu amaidziwa. Mwana ankaphunzira kuyang'ana udzu asanaphunzire kukusa ng'ombe, ndipo munthu wamkulu ankatha kuthamanga m'thengo osayang'ana pansi, maso ali pamitu ya udzu basi. Banja lililonse la okumba linali ndi kamangidwe kake. A Nyirongo ankapinda zitsamba ziwiri za udzu, kuzimanga pamodzi, nkusiya ngayaye imodzi ili chilili ngati mchira wa njiri yothawa. Woona mfundoyo ankadziwa kuti apa pali dzenje, ankadziwanso mwini wake. Anthu ankadana kwathu, ankalandana akazi, ankalodzana kumene, koma palibe anamvapo kuti wina wakumba osamanga.

Enos anakwatira Selina, mwana wa kwathu, yemwe aliyense ankamutchula kuti NyaZimba, ndipo anabereka naye mwana mmodzi wamoyo, Mable. Pa zaka zake zamphamvu mudzi sunkadziwa nkhuli. Njati, mphalapala, nguluwe, zonse zinkalowa m'maenje ake. Munthuyu sankayankhulayankhula, koma akamabwera kuchokera kuthengo ndi kudzaima pabwalo nkunena kuti amuna atenge mipeni, ankaoneka wamtali kuposa msinkhu wake.

Kenako boma la Azungu linakhazikika pa Mzimba, ndipo pang'onopang'ono malamulo ake anafika mpaka kwathu. Mbuna zinaletsedwa. Nyama zina zinaikidwa pamndandanda woti munthu asazikhudze, ndipo pamwamba pa zonse kwa ife panali chipembere. M'dambo lomwe tinkalitcha Chamatete munali mutatsala chimodzi chokha, chachikazi, chokalamba, chong'ambika khutu. Kale zinkayenda zingapo, koma alenje a mfuti anali atazitha. Chotsalacho anthu anayamba kuchitcha chipembere cha boma, monyodola, poti chinali ndi ochiyang'anira pomwe ana a anthu analibe.

Woyang'anirayo sanali wina koma Bennet Zimba, mlongo wake wa NyaZimba, mlamu wake wa Enos. Bennet anapita kunkhondo ngati mtengatenga, anabwerako wamoyo, ndipo anapeza ntchito ya umesenjala pa boma. Anali munthu wa nthabwala, wokonda chisoti chake chofiira mopitiriza muyeso. Mwezi ndi mwezi ankatumidwa kumwera kudzaona ngati mapazi a chipembere akuonekabe, ndi kudzafufuza mbuna. Kufufuzako sikunali kovuta kwa mwana wa kuno. Ankangoyang'ana udzu. Amuna awiri a midzi yoyandikana nayo anagwidwa choncho nakaumba njerwa kundende ya ku Mzimba. Onse awiri ankadziwa kuti mfundo ndiyo iwagwiritse, koma anamangabe. Bennet mwini ankanena zimenezi monyadira, ngati kuti anagwira anthu aulemu wake.

Enos anasiya kukumba. Zaka zinayi analimbana ndi chimanga, ndipo chimanga sichinkamukonda. Anzake ankamuseka kuti munthu amene maenje ake ankameza njati tsopano akulephera phando la mbewu zitatu. Iye ankaseka nawo, koma kuseka kwa mano okha. Chifuwa chinayambanso kumuvuta nyengo yozizira, ndipo amene amaidziwa Mzimba akudziwa kuti chisanu chake sichisewera.

Chakumapeto kwa mvula ya chaka cha mbuna zitatu zija anapita ku Mzimba ndi phula la njuchi kukasinthitsa mchere. Tauni yake inali ya dzina chabe: nyumba za boma, ndende, ndi timasitolo tochepa ta malata. Imodzi inali ya Mmwenye wina wotchedwa Premji, munthu wowonda, wokhala yekha, amene kusungulumwa kunamusandutsa wolongolola. Ali chiimire m'sitolomo, Enos anaona kapepala komatidwa pampukutu wa nsalu, kojambulidwa nyama yonga chipembere, ndipo anaseka. Anati wojambulayo sanaonepo chipembere, wachiiwalira nyanga imodzi, wachivekanso zikopa zopindikapindika ngati zishango.

Premji anakondwa kupeza womufunsa za kwawo. Anati wojambulayo sanalakwitse. Ku India chipembere chimakhala ndi nyanga imodzi, ndipo khungu lake ndi lopindika choncho. Iye mwini anali asanachionepo, poti chimakhala kutali kum'mawa kwa dziko lawo, m'madambo a udzu wautali woti njovu imabisalamo. Anati kale zinali zambiri, koma anthu anazisaka mpaka zinatsala zowerengeka, ndiye boma linatseka madambowo nkuikamo alonda. Anasimbanso za nkhalango ina kufupi ndi kwawo kumene kunatsala mikango yochepa, yomaliza m'dziko lonselo, moti mfumu ya kumeneko inaletsa kuipha. Enos anamvetsera mpaka anaiwala za mchere. Zinamudabwitsa kuti dziko lalikulu choncho, lokhala ndi anthu ngati nyerere, lingakhale ndi nyama zoti munthu nkuziwerenga pa zala, ndi kuti nakonso kuli amuna onga iye amene anauzidwa kuti aike zida pansi.

Kenako Premji anatsitsa mawu. Anati poti kwawoko kwatsekedwa, ogula nyanga ayang'ana kuno, ndipo pali munthu wina wochokera kunyanja yamchere amene amadutsa anthu akakolola, nkumafunsa.

"Ine sindidya nyama, sindipha ngakhale nyerere," anatero. "Ndikungokuuza zomwe anthu amafunsa."

Mwina ankanena zoona. Koma ponena mawuwo dzanja lake linali pa chijasi cha asilikali chomwe chinapachikidwa pakhoma, chokhuthala, chofika m'miyendo, ndipo maso a Enos anali pomwepo. Kwathu ena amati Enos anagulitsa moyo wa munthu ndi chijasi. Ine, ngakhale sindimukonda, ndimati si chijasi chokha. Kwa zaka zinayi panalibe amene anamufuna pa chinthu chomwe ankachidziwa, ndipo tsiku limenelo anamva kuti kuli anthu kutsidya kwa nyanja amene akusowa chomwe manja ake okha angawapatse. Anabwerera kumudzi akuyenda ngati mnyamata. Khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo.

Chipembere chinkagona m'nkhalango ya minga kumpoto kwa dambo, nkumamwa pachithaphwi cha pakati pa Chamatete. Njira zotsikira pachithaphwipo zinali zitatu: ina yochokera m'mingamo, ina yochokera chakumudzi, ina yochokera kumwera kumene kunali tsekera wabwino wofolera. Enos anakumba pa zonse zitatu. Anakumba yekha, masana, kwa milungu yambiri, akunamizira kuti akufuna njuchi. Munthu wa chifuwa, wa imvi, anasenza madengu a dothi osawerengeka kukataya kuseri kwa chulu. Maenjewo anawasiya osaphimba mpaka onse atatha, ndipo tsiku lina la Juni anazika zisonga ndi kuphimba onse atatu.

Atamaliza kuphimba loyamba, anayenda mapazi khumi, nawerama, manja ake nkumanga mfundo okha asanaganize nkomwe. Anaima nkuiyang'ana. Inali yokongola, ngayaye ili chilili, yooneka patali. Bennet akanaiona ali pamtunda. Enos anawerama kachiwiri nkuimasula, nawongola udzuwo bwinobwino kuti usaoneke kuti unapindidwapo. Pambuyo pake iye mwini ankanena kuti pochita zimenezo thupi lonse linachita tsembwe, ngati wavula pamaso pa apongozi. Anadziuza kuti ndi za masiku awiri kapena atatu basi, chipembere chigwa, iye nkukwirira maenje enawo.

NyaZimba sanali mwana. Anali ataona kale dothi lofiira m'zikhadabo za mwamuna wake, dothi lomwe silipezeka pamwamba. Madzulo a tsiku limenelo, akumupatsa madzi osamba, sanamufunse ngati wakumba. Anafunsa chinthu chimodzi, pomutchula mwachikwathu ngati bambo a mwana wawo.

"Awiske Mable, mwamanga?"

Enos anangoyang'ana m'madzimo. Mkaziyo anabwerera kukhitchini. Mmawa mwake anamuletsa Mable kukatola nkhuni cha ku Chamatete, osanena chifukwa.

Chipembere sichinagwe. Kaya chinamva fungo la munthu, kaya ukalamba unachiphunzitsa, koma chinasiya njira zonse zitatu nkuyamba kuboola yakeyake m'matete. Mmawa uliwonse Enos ankapita kukaona, nkupeza mapazi ake atsopano atalambalala dzenje ndi mikono iwiri yokha. Tsiku lina anapeza ndowe zake zitamwazidwa pafupi penipeni, monga zimachitira zipembere, ndipo anamva ngati chikumunyoza. Akanatha kukwirira. Akanatha kumanga mfundo. Tsiku lililonse ankati mawa.

Choopsa chinali nyengo. Juni ndi mwezi womweta udzu, ndipo amayi a mudzi wa Enos anayambira kumweta kumunsi, tsiku ndi tsiku akusendera chakumtunda kumene tsekera anali wamtali. Tsiku lachinayi anali kutali. Tsiku lachisanu ndi chimodzi Enos ali pachithaphwi ankamva kuseka kwawo. Tsiku lachisanu ndi chiwiri thole lina linasochera, ndipo mwini wake polifuna anadutsa pafupi ndi dzenje la chakumudzi moti Enos atapeza mapazi akewo anangokhala pansi. Munthuyo anali kuyenda mosatekeseka, poti udzu unali woongoka.

Apa mpomwe Enos anapeka bodza. Anapita kwa amayi omweta aja nkuwauza kuti chipembere chalusa, chamuthamangitsa, ndipo chikuoneka ngati chavulala penapake, asayerekeze kuyandikira chithaphwi. Amayiwo anachita mantha, nabwerera kumunsi. Iye anapumira m'mwamba, kuganiza kuti wagula masiku. Kunyumba NyaZimba anasiya kudya bwino, ndipo akamva galu akuuwa chakudambo ankaimitsa munsi m'mwamba, nkumvetsera.

Tsiku lakhumi, dzuwa litapendeka, chisoti chofiira chinatulukira pamseu. Bennet anali atafulumira ndi sabata yathunthu, chifukwa anatumidwa ndi makalata ku Edingeni ndipo anaganiza zongodzera konkuno. Anafika akuseka monga mwa masiku onse, namuseleula Mable kuti wakula, nafunsa mlongo wake chifukwa chomwe wawondera. Anamuphera nkhuku. Atadya, amuna awiriwo anakhala pakhonde kuothera kadzuwa kotsala, ndipo Bennet anafunsa mosazungulira, mwina mwanthabwala, mwina ayi, ngati mlamu wake sakuyabwa m'manja.

Enos anati khasu lake la mbuna linadyedwa kale ndi dzimbiri.

"Ndikudziwa, mulamu," anatero Bennet. "Pobwera ndadzera m'mphepete mwa dambo, ndayang'ana udzu wonse. Mfundo palibe. Mzungu akandifunsa ndimamuuza kuti kwa Nyirongo musataye nthawi. Wa Nyirongo angakunamize pakamwa, koma pa udzu yayi."

Anaseka, Enos nayenso anaseka. NyaZimba anali pakhomo ndi mbale m'manja. Anamuyang'ana mwamuna wake, anamuyang'ana mlongo wake, anatsegula pakamwa. Bennet anawonjeza kuti mawa alawirira ku Mzimba kudzera mumseu waukulu, poti zoona waona kale. Mkaziyo anatseka pakamwa nalowa m'nyumba. Ndikamaganiza za kamphindi kameneko mtima umandiwawa mpaka lero, ngakhale kuti ndinali ndisanabadwe.

Kutacha Bennet ananyamuka, mlongo wake atamukulungira mbatata yootcha. Enos anamuperekeza mpaka pamseu, ndipo pobwerera anali atatsimikiza mtima kuti lero lomwe akwirira zonse. Anayamba kaye wakonza mpini wa khasu. Anali pakati pa ntchitoyo, dzuwa litakwera ndithu, pamene mayi wina, NyaSoko, anadutsa pabwalo ndi mtolo wa udzu pamutu nkumupatsa moni mwansangala. Anati akumana ndi alamu ake pamseu, ndipo awafotokozera za chipembere cholusa chija, chovulala chija. A Bennet akuti nkhani yotero sangapite nayo ku boma asanaone ndi maso, ndiye apatuka, alowa m'minga kukatsata mapazi ake mpaka kuchithaphwi.

Enos anataya khasu. Anthu amene anamuona amati anathamanga ngati si munthu wa chifuwa. Anali asanafike pakati pa njira pamene anamva wezulo kuchokera kudambo, kulira katatu, kuima, kuliranso katatu. Anadziwa wezuloyo, anali wa Bennet. Anadziwanso kuti wogwa pa zisonga akatha kuliza wezulo ndiye kuti sanafe msanga, ndipo zimenezo si chifundo. Analambalala dzenje la chakumudzi, anazungulira chithaphwi, nakwera njira ya m'minga.

Pamene panali njira panali pakamwa pakuda. Chisoti chofiira chinali m'mphepete. Enos anagwada nasuzumira. Bennet anali chotsamira khoma la dzenje, chisonga chimodzi chitamuboola ntchafu, china chitalowa m'nthiti chakumunsi. Zisongazo zinali zosemera nyama ya khungu lokhuthala. Wezulo anali m'dzanja. Anakweza maso, naona nkhope ya mlamu wake, ndipo sanadabwe. Amati sanatukwane, sanafunse chifukwa. Enos anayamba kutsetserekera m'dzenjemo akulira, akunena zosamveka, koma Bennet anamuletsa.

"Zilipo zingati?"

"Zitatu."

"Zinazo zili kuti?"

"Njira ya kumudzi. Ndi ya kutsekera."

Bennet anatseka maso kanthawi. Kupuma kwake kunali kwa phokoso.

"Ndaliza wezulo, mulamu. Amva kumudzi, amvanso amayi kumunsi. Akubwera akuthamanga, ndipo akuyang'ana udzu ngati mmene ndimayang'anira ine. Kamangeni."

Enos anati sangamusiye. Anati amunyamule kaye, amuzule, amange bala. Bennet anapukusa mutu. Munthu mmodzi sakanatha kumuzula pa zisongazo, onse awiri ankadziwa. Kuima pamalo amodzi nkumakuwa sikukanathandizanso, poti njira zinali ziwiri ndipo matete amameza mawu.

"Mbwenu pitani. Mlongo wanga akhala patsogolo, mukumudziwa."

Mawu amenewo ndi amene anamudzutsa. Anathamangira kaye njira ya kutsekera, poti amayi anali pafupi. Anawerengera mapazi khumi, nagwira udzu. Anadzaulula pambuyo pake kuti m'kamphindi komweko maganizo oipa anamufikira, oti amange kamangidwe ka banja lina, kapena mfundo wamba yopanda mwini. Koma mfundo yachilendo munthu wothamanga amaima kuti aifunse, kapena saiona nkomwe, pomwe ya Nyirongo aliyense ankaidziwa kuyambira ali mwana. Anapinda zitsamba ziwiri, anamanga, anasiya ngayaye ili chilili. Anamanganso tsidya linalo. Akuchoka anamva kale zikwakwa zikugundana ndi mawu a amayi m'matete.

Pa njira ya kumudzi anafika mochedwerapo. Akumaliza kumanga, anthu anali atatulukira kale m'mphepete mwa dambo, amuna ndi mikondo poganiza kuti chipembere chagwira munthu, ndipo patsogolo pa onse, monga ananenera Bennet, panali NyaZimba, nsalu atakwinyira m'chiuno. Iye ankadziwa kuti maenje alipo koma sankadziwa pomwe ali, ndipo anathamangabe. Anaona mfundo, anakhota osachepetsa liwiro. Amuna onse anakhota pambuyo pake mmodzimmodzi. Aliyense anaiona mfundoyo, anaona kuti udzu wake ngwauwisi wongopindidwa kumene, anaona Enos ataima pambali manja ali lende. Onse anangomudutsa.

Atafika pa dzenje la m'minga, Bennet anali akupumabe, koma sankaonanso. Amuna anayi anatsikira m'menemo ndi zingwe za luzi. Pomuzula pa chisonga cha m'nthiti, moyo unatuluka. Amati choipa chitsata mwini, koma ichi chinasiya mwini nkutsata mlamu.

Enos sanadikire kuti adzamutenge. Maliro ataikidwa anayenda yekha wapansi mpaka ku Mzimba nakadzipereka. Anakhala kundende zaka zitatu. Kumeneko anamufunsa za mbuna ndi za chipembere, ndipo anayankha zonse, koma za udzu panalibe amene anamufunsa, chifukwa kwa Azungu mfundo sinali kanthu. Premji anakana kuti sanatume munthu, ndipo mwa mawu ake enieni sanatumedi. Chaka chisanathe anatseka sitolo nasamukira kwina. Chipembere chija chinakhalabe m'Chamatete nyengo ziwiri, kenako mapazi ake anaoneka akulowera kumadzulo, ndipo sichinabwererenso. Ana a kwathu lero amachidziwira m'mabuku a kusukulu, pamodzi ndi cha nyanga imodzi chija.

Ife a kwa Zimba tikamasimba nkhaniyi timakonda kulekezera pomwepa, chifukwa mpaka apa woipa ndi wa banja lina. Koma sinathere apa.

Enos ali kundende, bambo ake a Bennet anasonkhanitsa abale nkupita kwa a Nyirongo kukatenga mwana wawo wamkazi. Anati ng'ombe za malowolo azibweza zonse, mwana wawo sangaphikire munthu amene anapha mlongo wake. A Nyirongo sanatsutse, analibe pogwira. Anthu anadzaza bwalo, ndipo NyaZimba anaitanidwa kuti amve kuti akubwerera kwawo. Anabwera, anagwada patsogolo pa bambo ake monga mwa mwambo, ndipo onse ankayembekeza kuti athokoza.

"Adada, ine ndinkadziwa," anatero. "Ndinadziwa tsiku lomwe anaphimba. Ndinaletsa mwana wanga yekha kupita kudambo, ana a anzanga ndinawasiya. Bennet anakhala pakhonde panga, anadya nkhuku yanga, ananena za udzu ine ndili pakhomo ndikumva. Ndinamukulungira mbatata, osamuuza. Ngati mukufuna kundichotsa m'nyumba ya amene anamupha, mundipititsa kuti?"

Mkuluyo anamuyang'ana mwana wake nthawi yaitali. Kenako anatola ndodo yake, anaimirira, nauyamba wa kwawo, abale onse nkumutsatira. Ng'ombe sizinabwezedwe, ndipo mpaka imfa yake sanapondenso mudzi umenewo, kapena kulola kuti dzina la Selina litchulidwe pakhomo pake.

Enos atatuluka anamupeza mkazi wake ali m'nyumba yomweyo. Anakhala limodzi zaka zina makumi awiri, akulima chimanga chawo chosabereka bwino, akukhala kumbuyo kwenikweni m'tchalitchi. Mable atakula anakwatiwa kutali, chakumpoto, ndipo iye ndiye anauza azakhali anga kuti pa zaka zonsezo sanamvepo makolo ake akukangana, ngakhale kamodzi, komanso sanawamvepo akuseka.